Mlendo Ndi Mame

M'nyumba mwathu muli bokosi lachitsulo lobiriŵira limene agogo a ana athu adabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni m'chaka cha 1975. M'menemo ndimo timasunga mapepala a pabanja: mtchatho wa ukwati wathu, makalata a ubatizo, masatifiketi a ana ndi malisiti akale a fodya. Koma pansi penipeni pa bokosilo pali mapepala atatu amene sitiŵatulutsa kaŵirikaŵiri. Loyamba ndi chitupa cha agogowo, chokhala ndi chidindo cha chala chao. Lachiŵiri ndi kabuku ka atsibweni ao a anaŵa, kamene adayendera ku migodi yomweyo. Lachitatu ndi pasipoti ya mwana wathu wachisamba, imene idadindidwa komaliza mu Juni 2020.

Mwezi wathawu mnyamata wathu wachitsiriza adatikhazika pansi, ife aŵiri, bambo ndi mai, natipempha ndalama zokapangitsira pasipoti. Akuti anzake onse a msinkhu wake adapita, ndipo iye watopa ndi kuŵerenga nyenyezi pakhonde. Sitidamuyankhe tsiku lomwelo. Usiku tidatsegula bokosi lija, tidayala mapepala atatu aja pamphasa, ndipo tidaona chinthu chimene kale sitinkachiona: amuna atatu a banja limodzi, mibadwo yosiyana, onse adabwerako ku dziko limodzi pa tsiku limene sadasankhe okha. Nchifukwa chake taganiza zolemba, kuti makolo anzathu ndi achinyamata amve pamene ife tidaphunthwa.

Agogo adapita nthaŵi ya Wenela. Masiku amenewo munthu sankadzifunira yekha chilolezo cha ntchito. Bungwe la Wenela ndilo linkalemba anthu, kuŵapima m'thupi ndi kuŵakweza ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda kunka ku Johannesburg. Gawo lina la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandire atafika kuno kumudzi. Pofika chaka cha 1973 Amalaŵi a m'migodi ya South Africa adaposa 100,000. Koma pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene idanyamula anthu obwerera kwao idagwa itangonyamuka pa Francistown, ndipo anthu 78 adafa, ambiri a iwo Amalaŵi. Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu, ndipo amene anali kale kumeneko ankabwera mmodzimmodzi pamene mapangano ao ankatha. Agogo adafika ndi bokosi lija, njinga ndi chifuŵa chimene sichidaŵasiye mpaka tsiku la imfa yao.

M'chaka cha 1977 njira idatsegulidwanso, bungwe lija litasintha dzina nkukhala Theba, ngakhale olembedwa tsopano anali ochepa. Atsibweni adapita mu 1981. Iwo anali munthu waukhondo pa ntchito, ndipo adakwezedwa kukhala kapitao wa kagulu ka anthu pansi pa mgodi. M'chaka cha 1988 adabwera ku tchuthi monga mwa masiku onse, atasiya suti ndi wailesi kwa mnzao, poganiza kuti pakatha miyezi iŵiri abwerera. Sadabwererenso. Nthenda ya Edzi inali itayamba kumveka, ndipo Amalaŵi pafupifupi 200 a m'migodi adapezeka ndi kachirombo. Eni migodi adapempha kuti Mmalaŵi aliyense aziyamba wapimidwa magazi asananyamuke kuno. Boma lathu lidakana, ndipo kulemba anthu kudathera pomwepo. Pakati pa 1988 ndi 1992 Amalaŵi pafupifupi 13,000 adabwezedwa kwao. Ambiri amakhulupirira kuti matendawo adangokhala podzera, popeza migodi inali itayamba kale kuchepetsa alendo ndi kulemba eni dziko. Atsibweni magazi ao analibe kanthu, koma lamulo silidafunse zimenezo. Lidangofunsa dziko limene munthu adabadwira.

Tsono tifike pa mwana wathu. Iye adamaliza Fomu 4 bwino lomwe, nakhala zaka zingapo akulima nafe fodya ndi soya, ntchito ya pamwezi osaoneka. M'chaka cha 2017 adatiuza kuti mnzake wamupezera malo m'nyumba yodyera ku Johannesburg. Tidagulitsa mbuzi ndi matumba a soya, adapangitsa pasipoti, ndipo tidaitana abale kudzalaŵirana naye. Madzulo a tsikulo atsibweni adakokera mpando pafupi nati, "Alamu, kodi mwanayu akupita ndi pepala lanji?" Tidaŵaonetsa pasipoti yatsopano, yonunkhira bwino. Iwo adaitembenuza uku ndi uku nati, "Ili ndi pepala la ulendo. Ine ndikufunsa pepala la ntchito." Tidaseka, ndipo mumtima tidati akuluŵa akulankhula za nthaŵi ya Theba, dziko lidasintha. Mau a akulu akoma akagonera.

Zimene atsibweni ankafunsa tidazimvetsa patapita zaka zitatu. Mmalaŵi wofika pa chipata cha Beitbridge ndi pasipoti amapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo masikuwo ndi a kucheza, osati a ntchito. Chilolezo cha ntchito ndi chinthu china, ndipo munthu amayenera kuchipempha asananyamuke kwao. Malinga ndi malamulo a 2014, wolemba ntchito ankayenera kuonetsa umboni wa ku unduna wa za ntchito kuti wafunafuna mwini dziko wodziŵa ntchitoyo koma sadampeze. Nanga ndani angaonetse umboni wotere pa ntchito yotsuka mbale, yosesa pabwalo kapena yolera ana? Malamulo omwewo adati munthu wopitiriza masiku ake, pa tsiku limene akutuluka m'dzikomo, aziletsedwa kuloŵanso: chaka chimodzi ngati wapitiriza masiku ochepa, ndi zaka 5 ngati wapitiriza masiku oposa 30. Chotero mnyamata amene masiku ake atha amakhala ngati mbeŵa ya m'nkhokwe. Chakudya chilipo, koma potulukira pali msampha.

Mwana wathu masiku ake adatha mwezi woyamba womwewo. Ife sitidadziŵe, ndipo kunena zoona sitidafune kudziŵa. Ndalama zidayamba kufika pa foni mwezi ndi mwezi. Tidachotsa udzu padenga nkukhoma malata 36. Alongo ake aŵiri adaloŵa sekondale. Feteleza tinkagula nthaŵi yabwino, mvula isanagwe. Pa foni tinkamufunsa ngati akudya bwino, ngati akupita ku mapemphero, ngati sadayambe moŵa, ndiponso ngati sadatengane ndi mkazi wosadziŵika kwao. Koma za pepala sitidafunse ngakhale kamodzi. Tidaopa kuti tikafunsa timva yankho limene lidzatichititsa manyazi polandira ndalama zija.

Pa 15 Malichi 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalengeza kuti dziko la South Africa lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo kuyambira pa 27 Malichi anthu onse adalamulidwa kubindikira m'nyumba. Zipata za m'malire zidatsekedwa kwa anthu apaulendo, nyumba zodyera zidatsekedwa, ndipo asilikali adaikidwa m'miseu. M'masiku omwewo boma lidamanga mpanda wa waya wa makilomita 40 m'mbali mwa chipata cha Beitbridge. Poyamba adati m'bindikirowo ukhala masiku 21, koma masikuwo atatsala pang'ono kutha adaonjezera ena.

Tiyenera kunena chilungamo kuti boma la kumeneko silidaiŵale alendo kotheratu. Lidalengeza kuti aliyense amene chiphaso chake chidatha kuyambira pa 15 Febuluwale 2020 asamangidwe ndipo asaletsedwe kudzaloŵanso, pakuti sikunali kulakwa kwake kuti maofesi ndi zipata zidatsekedwa. Chifundo chimenechi adachionjezera kangapo mpaka kuloŵa m'chaka cha 2021. Titamva zimenezi pa wailesi mitima yathu idagwa pansi, ndipo tidamuimbira mwana kuti timuuze uthenga wabwino. Iye adakhala chete kanthaŵi, kenaka adati, "Ababa, lamulo limenelo si langa. Masiku anga adatha kale mu 2017." Umu ndimo tidadziŵira.

Kuyambira tsiku limenelo tidayamba kuona kuti thandizo lililonse limene linkalengezedwa linali ndi khomo, ndipo pa khomo lililonse ankafunsa pepala. Kudali ndalama zothandiza antchito amene makampani ao adatsekedwa, koma zinkadzera mu thumba la UIF, limene munthu amaloŵamo ngati bwana wake adamulembetsa ku boma. Bwana wolemba munthu wopanda chilolezo sangapite kukadziulula yekha. Kudalinso ndalama za R350 pa mwezi za anthu osoŵa pogwira. Poyamba zinali za nzika, za alendo okhazikika ndi za othaŵa nkhondo ovomerezeka. Mu Juni 2020 bwalo la milandu la ku Pretoria lidalamula kuti aonjezerepo opempha malo othaŵirako ndi okhala ndi ziphaso zapadera za anthu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Amalaŵi analibe chiphaso chapadera chotero. Ngakhale mnzake wina wa mwana wathu, amene anali ndi chilolezo chenicheni cha ntchito, adapezeka m'madzi. Chilolezo chake chidalembedwa pa dzina la kampani imodzi, kampaniyo idatseka osatsegulanso, ndipo maofesi opempherako china anali otseka. Pepala anali nalo m'manja, koma linali ngati kiyi wa nyumba imene idagwa.

Apa ndipo tifika pa chinthu chimene chimativuta kuchinena. Chakumapeto kwa Epulo mwana adaimba foni usiku nati, "Amai, ine ndikufuna kubwera. Tili anthu asanu m'chipinda chimodzi, tikudya kamodzi pa tsiku, ndipo mwini nyumba akufuna lendi." Tidamuuza kuti apirire pang'ono, zinthu zisintha. Tidamuuza kuti mwamuna sathaŵa mavuto, ndi kuti kuno nako kulibe chimene akatole. Mau onsewo anali ndi maonekedwe a nzeru, koma kumbuyo kwake kunali nyumba yosapaka pulasitala ndi fizi ya alongo ake. Tinkaona mwana wathu ngati munda wa kudambo umene suyenera kugonera. Patapita sabata ziŵiri mmodzi wa anzake m'chipindamo adayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, koma adakana kupita ku chipatala poopa kuti akafunsidwa mapepala. Anyamata anai aja adagona naye m'chipinda chomwecho mpaka adachira yekha. Mwana wathu adatiuza zimenezi pambuyo pake, ali kuno. Tikaziganiza lero timazizidwa m'thupi. Ndipo timaonanso kuti lamulo limene limaopseza mlendo mpaka kubisa matenda limapweteka ndi mwini mudzi yemwe, pakuti chifuŵa sichifunsa pasipoti.

M'mwezi wa Meyi mabasi adayamba kunyamula Amalaŵi ofuna kubwerera kwao, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa chipata cha Mwanza. Chakumapeto kwa mwezi womwewo dziko lonse lidamva kuti anthu oposa 400 ochokera ku South Africa athaŵa pa bwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre, pamene ankadikira zotsatira za kupimidwa kwao. Kuyambira pamenepo dzina lakuti "a ku Joni", limene kale linali laulemu, lidasanduka la mantha. Ndi m'masiku amenewo pamene tidagonja. Tidagulitsa mbuzi zotsala ndi matumba asanu a chimanga, ndipo kwa nthaŵi yoyamba ndalama zidachoka kuno kupita kumwera. Mwana adakhala masiku asanu m'njira. Potuluka pa chipata adadindidwa chidindo chomuletsa kuloŵanso zaka 5. Atafika m'dziko muno adapimidwa, adapezeka wopanda kachirombo, koma adauzidwa kuti akakhale payekha masiku 14.

Adafika dzuŵa litapendeka, ali ndi chikwama chimodzi, ataonda kotero kuti lamba ankazungulira kaŵiri. Mai wake adathamanga kuti akamukumbatire, koma adaima panjira, manja ali m'malere. Zaka zitatu osaonana, ndipo adapatsana moni ngati anthu a pa mlandu. Tidamuyalira m'gowelo lakale. Nsima tinkaika pa mwala pafupi ndi khomo, iye nkutenga ife titachoka. Ku chitsime amai anzathu ankasuntha ndowa zao mai wa m'nyumba muno akafika. Anthu amene chaka chathacho ankabwera kudzapempha kuti mwana wathu aŵatengereko ana ao, tsopano ankalambalala nyumba yathu. Sitiŵaimba mlandu, pakuti nafenso tinkatsuka mbale yake ndi madzi oŵira, mitima ikugunda.

Anthu aŵiri okha ndiwo sadatitaye. Woyamba anali atsibweni. Masana alionse ankabwera ndi kampando kao, nkukhala patali pansi pa mtengo wa mango, namacheza ndi mnyamatayo mokweza mau. Sadanene ngakhale kamodzi kuti "ndidanena ine." Tsiku lina tidaŵamva akuti, "Iwe, usadzione ngati woyamba. Mu 1988 ine anthu ankakana kumwera chikho chimodzi ndi ine, ati a Theba abwera ndi Edzi. Kumene tidachoka adati ndife obweretsa matenda, kuno kwathu adatinso chimodzimodzi. Mlendo ndi mame, dzuŵa likatuluka sachedwa kukamuka. Koma iwe wafika ndi moyo, ndipo khasu silifunsa chidindo." Wachiŵiri anali bambo wina wa ku Burundi amene anali ndi golosale pa msika wathu. Iye atamva za mwanayo adatumiza shuga, sopo ndi mafuta ophikira, nati tidzalipira tikadzakolola. Titapita kukathokoza adangoti iye akudziŵa kukhala kwa eni.

Miyezi yotsatira malamulo adapitirira kusintha ngati mphepo ya mwezi wa Ogasiti. Pa 1 Okutobala 2020 South Africa idatsegula zipata, koma wapaulendo ankayenera kuonetsa kalata yakuti wapimidwa m'maola 72 apitawo, ndipo kupimitsako kunali kwa ndalama zambiri. Pa 11 Januwale 2021 zipata 20 za pamtunda, pamodzi ndi Beitbridge, zidatsekedwanso mpaka pa 15 Febuluwale. Anzake a mwana wathu ambiri sadadikire. Adalipira anthu oolotsa anzao pa mtsinje wa Limpopo usiku, ndipo ena a iwo adakathera ku Lindela, kumene amasunga alendo oyembekeza kubwezedwa kwao. Mwana wathu nayenso mtima udamukoka, makamaka atamva kuti nyumba zodyera zatsegulidwa. Ulendo uno tidakana ndi mau amodzi, ndipo tidamuuza poyera kuti tidamulakwira mu Epulo muja. Si chapafupi kholo kupepesa mwana, koma tidaona kuti ngongole imeneyo inali yaikulu kuposa ya golosale.

Ngakhale okhala ndi mapepala abwino sadagone tulo. Mu Novembala 2021 boma la South Africa lidalengeza kuti ziphaso zapadera za anthu a ku Zimbabwe pafupifupi 178,000 sizidzapitirizidwa, ngakhale ambiri a iwo anali atakhala m'dzikomo movomerezeka zaka zoposa khumi. Mmodzi wa iwo ndi mbale wathu, mdzukulu wa mkulu wao wa agogo amene adatchona ku Harare kalekale. Iye ana ake adabadwira ku Joni ndipo sadziŵa kwina. Mu Juni 2023 bwalo la milandu lidagamula kuti chiganizo cha bomacho sichidatsate malamulo, ndipo nthaŵi ya ziphasozo idaonjezedwa kangapo. Koma taganizani moyo wa munthu amene sangadzale mtengo wa zipatso chifukwa sadziŵa ngati chaka chamaŵa adzakhalapo. Mwezi womwewo wa Novembala 2021, akatswiri a ku South Africa ndi Botswana atatulukira mtundu wa kachirombo wotchedwa Omicron, maiko a Britain ndi America adatsekera khomo anthu ochokera m'maiko a kuno kumwera, ndi Malaŵi yemwe, kwa masabata angapo.

Ku Britain komweko kudachitika zimene zimaonetsa bwino mtima wa malamulo ameneŵa. Mu Malichi 2020, zipatala zitadzaza, boma lidaonjezera chaka chathunthu mwaulere pa ziphaso za madokotala ndi anamwino achilendo. Mu Febuluwale 2022 lidatsegula khomo kwa alendo osamalira okalamba, popeza antchito otere ankasoŵa. Mu Malichi 2024 lidaletsa antchito omwewo kubwera ndi mabanja ao, ndipo mu Julayi 2025 lidatseka njira yolembera antchito otere kuchokera kunja. M'zaka zisanu khomo limodzi lidatsegulidwa, lidachepetsedwa, nkutsekedwa. Ku South Africa nako mu Okutobala 2024 adayambitsa njira yatsopano yopereka chilolezo cha ntchito poŵerengera mapointi a maphunziro, malipiro ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito. Phunziro lake ndi limodzi: lamulo la alendo limatsata kusoŵa kwa mwini dziko, osati kusoŵa kwa mlendo.

Sitikunena izi monyoza maiko a eni. Dziko lililonse lili ndi ufulu woyang'anira zipata zake, ndipo ku South Africa m'chaka cha 2021 anthu oposa 30 mwa 100 alionse ofuna ntchito analibe ntchito. Kholo la ku Soweto limene mwana wake ali pakhonde limamva kuŵaŵa komwe timamva ife. Ndiponso tisanaloze chala kutali tiyang'ane pakhomo pathu. Mu Epulo 2021, mliri uli pakati, boma lathu lidalamula kuti othaŵa kwao onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa. Nkhaniyo idakhala m'mabwalo a milandu, koma mu Meyi 2023 lamulolo lidagwira ntchito, ndipo anthu ambiri adatengedwa kupita ku msasa umene unali utadzaza kale. Bambo wa ku Burundi uja anali mmodzi wa iwo. Tidapeza golosale yake ili yotseka, ndipo tidamva anthu ena akukondwera kuti malonda abwerera kwa eni dziko. Ife tidangoŵerama, pakuti mau amenewo ndi omwewo amene mwana wathu ankaŵamva ku Johannesburg.

Mpingo wathu suli mlendo pa nkhani ya anthu apaulendo. M'chaka cha 1912 Mbusa T.C.B. Vlok adachoka kuno kupita ku Salisbury kukasamalira anthu a kwathu ogwira ntchito kumeneko, ndipo ntchito imeneyo ndiyo idabala Sinodi ya Harare. Mpaka lero wachinyamata akamachoka timamukumbutsa kutenga kalata yosamukira, ndipo timachita bwino. Koma tikupempha akulu a mpingo ndi makolo kuti pamene tikufunsa za kalata imeneyo tizifunsanso funso la atsibweni lija. Tisachite manyazi kufunsa: kodi pepala limene uli nalo ndi la ulendo kapena la ntchito? Litha liti, ndipo likatha udzatani? Kodi amene akukulemba adzakulembetsa ku boma? Ukadwala udzapita kuti? Nanga ndalama yobwererera wasunga kwa yani? Safunsa adadya phula.

Kwa makolo anzathu amene ana ao ali kale kunja tikuti: ndalama imene mukulandira ili ndi mtengo umene mwana sakuuzani. Patulaniko gawo lina likhale lake, mugule mbuzi kapena malo m'dzina lake, kuti tsiku lobwera mosakonzekera asadzafike ngati mlendo m'nyumba imene adamanga yekha. Ndipo mwana akadzanena kuti akufuna kubwera, musayambe mwaŵerenga malata otsala. Kwa inu achinyamata tikuti: sitikukuletsani kuyenda, pakuti makolo athu adayenda ndipo midzi yambiri idamangidwa ndi thukuta la paulendo. Koma amene amakuonetsani zithunzi za nsapato zatsopano pa foni sakuonetsani chipinda cha anthu asanu. Ndipo munthu wolonjeza kukupezerani chilolezo mwa njira yachidule, mutalipira ndalama, kaŵirikaŵiri amakugulitsani pepala labodza limene lidzakumangitsani. Luso la m'manja ndi satifiketi yoona ndizo zimapatsa mlendo poima malamulo akatembenuka, ndipo akabwezedwa zimabwera naye kumudzi.

Mwana wathu wachisamba adayamba dimba la tomato, ndipo luso lophika limene adaphunzira kwa eni likumudyetsa: ali ndi kanyumba kodyera pa msika, pafupi ndi pamene panali golosale ija. Zimene amapeza sizifika pa zimene ankatumiza, ndipo nyumba yathu mpaka lero ilibe pulasitala. Zaka 5 za chidindo chija zidatha mu Juni 2025. Sadanene kuti apitanso, ndipo sadanene kuti sadzapitanso. Atsibweni adatisiya chaka chatha, akudikirabe ndalama zao za ku migodi.

M'maŵa mwake mwa usiku uja tidaitana wachitsiriza pamodzi ndi mkulu wake, ndipo tidaika mapepala atatu aja patsogolo pao. Mkuluyo adafotokoza zonse, ndi zina zimene ife tomwe tinali tisanamve. Wamng'onoyo adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati, "Ndamva, Ababa. Koma nanga kuno ndidzadya chiyani?" Funso limenelo tidalibe yankho lake lokwanira, ndipo sitidafune kumunamiza. Tidagwirizana kuti ndalama ya pasipoti ipite ku sukulu ya ntchito za manja, akaphunzire kuwotcherera zitsulo zaka ziŵiri. Akadzamaliza tidzakhalanso pansi. Ngati adzafunebe kupita, tidzamuperekeza ku basi, koma tidzayamba taona ndi maso athu pepala limene akupita nalo. Mapepala atatu aja tidaŵabwezera m'bokosi, ndipo kiyi tidampatsa iye kuti asunge.